Ndimu pa Mkono wa Mwana

Mchemwali wanga anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero, nandisiyira mtsikana. Choncho tsiku limene anamwino anabwera kusikola, sukulu ya ku Namacula, kudzabaya atsikana katemera woteteza ku matenda omwewo, ndinamuperekeza mpaka pachipata, nditavala jekete ngati woitanidwa ku ukwati.

Masana, pochokera kumsika, ndinamva fungo la ndimu ndisanalowe kumpanda. Azakhali ake a mwanayo, oyandikana nafe nyumba, anali atamukhazika pamtondo. Ankamutikita mkono ndi ndimu ndi phulusa, kuufinya ngati akukama ng'ombe yokana. Amayi ena m'bairo mwathu, dera limene timakhala, amatero. Akuti vasina, katemerayo, imatseka kubereka, ndipo ndimu amaiyamwa isanalowe m'magazi.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikuchotsa zimene mwamuikitsa. Mukufuna adzakhale chumba?"

"Mayi ake anabereka, lero ali kuti?"

"Inu, nyuzi zokulungira usipa zimene mumawerengazo zidzakupwetekani."

Apo analasa, chifukwa sukulu yanga ndi mapepala okulungira usipa wa ku Meponda. Koma ine ndi iwo tinathawira limodzi ku Malawi nthawi ya nkhondo, tinaima pamzere umodzi kumsasa wa othawa nkhondo, tinabayidwa katemera tonse, ndipo iwo anabereka ana odzaza galimoto. Ndinawakumbutsa. Akuti jakisoni wakale anali wina. Mpaka lero zimandiwawa. Munthu amene anachapa nawo nsalu za mchemwali wanga akudwala, amene anaona ndi maso ake mmene matendawa amadyera munthu, n'kumalimbana ndi chinthu chimodzi chomwe chingateteze mwana wa malemuyo!

Ndinkadziwa kuti ndimu satulutsa mankhwala amene alowa kale m'mnofu. Koma mtima sumawerenga nyuzi. Nanga bwanji ngati tsamba lonena za ndimu linapita ndi usipa wa munthu wina?

Azakhali atapita, ndinayang'ana mkono wotupa uja.

"Mawa tikafunse kuchipatala ngati angakubayenso," ndinatero.

"Musavutike, malume."

Anapinda juzi kumkono wakumanzere. Kachizindikiro ka singano kanali pomwepo, kosakhudzidwa.

"Azakhali anangogwira wakumanja. Sanandifunse."

Mkono wosalakwawo unasupuka khungu, ndipo ndinaudzoza mafuta ndikung'ung'udza. Alamu anga mpaka pano amauza anzawo kuti anapulumutsa mwana. Ndimakwiya, koma sinditsutsa.