Ming'oma ya Asekuru ndi Thonje la Mpingo

Linali Loweruka, ndipo mvula imene inagwa usiku inali itakata m'bandakucha. Dzuwa la kwathu ku Lupembe silichedwa kuwawa, choncho potuluka m'nyumba tinapeza nthaka ikufuka nthunzi, fungo la dothi lonyowa litasakanikirana ndi la ndowe za m'khola ndi utsi wa nkhuni zosauma. Mabelu a ng'ombe ankalira chakudambo, njiwa zikuitanizana m'milambe, ndipo pansi pa zonsezo panali phokoso limene ndinakula nalo osalilabadira: kulira kwa njuchi m'maluwa a thonje, ngati anthu ambiri akupemphera motsitsa mawu.

Ndinkakhala ndi asekuru anga a Yotamu, bambo awo a mayi anga. Anali aatali, osalankhula zambiri, ndipo malaya awo ankanunkha utsi ndi phula chaka chonse. Kuseri kwa nyumba anasiya thengo losalima, momwe anapachika ming'oma yawo ya njuchi m'mitengo. Anthu ankati ndi ulesi, iwo n'kungoyankha kuti, "Nazonso zili ndi munda wake." Ngakhale mtengo wouma ankakaniza kuudula chifukwa munkakhala mabemberezi. M'chilimwe, madzi akasowa, ankaika mapale a madzi pamthunzi n'kuponyamo timitengo kuti njuchi ndi agulugufe azimwa osamira.

Chaka chimenecho mpingo wathu unalima thonje pofuna kufolera tchalitchi ndi malata. Malo ake anapereka ndi asekuru omwewo, ndipo mundawo unachita malire ndi thengo lawo. Thonje litachita maluwa, mbozi zinaligwera. Alangizi anabwereketsa mpope wopopera mankhwala, umodzi wokhawo, ndipo anati pofika masana a Loweruka ukhale utapita kumudzi wina.

Lachisanu asekuru anapita nane kwa a Kayuni, mkulu wa mpingo amene ankayang'anira mundawo. Anali anzawo kuyambira pa ubusa wa ng'ombe.

"A Kayuni, thonje lili m'maluwa," anatero asekuru. "Poperani madzulo, njuchi zitalowa."

"Madzulo mpope ukhala uli kwina, wadada. Nanga mbozi tizipemphe kuti zidikire?"

"Ndiye dikirani sabata ina."

"Yayi, a Yotamu. Njuchi zanu zili ndi denga, ife tikunyowa m'tchalitchi." A Kayuni anaseka n'kuwagwira paphewa. "Kaziuzeni kuti mawa zipume. Nazo zisungeko Sabata."

Asekuru sanaseke, komanso sanakangane. Kutseka ming'oma sikukanatheka, pakuti inali m'mwamba, ndipo kutentha kwa kuno kukanaziphikira njuchizo m'kati.

Choncho m'mawa wa Loweruka lija anthu anafika ndi nyimbo. Amayi ankatunga madzi, abambo akulandizana mpope kumsana, ndipo fungo la mankhwala linadzaza mudzi wonse mpaka kukanda pakhosi. Sanali anthu oipa. Ambiri ndinawaona pambuyo pake akunyamula odwala, akukumba manda a anzawo. Ankagwira ntchito ya Mulungu monga anaimvera.

Dzuwa litapendeka, phokoso lija linasintha. Linatsika m'maluwa n'kukhala pansi. Titalowa m'thengo tinapeza njuchi zikuzungulira m'dothi, zina zikukwawa ndi mapiko otambasuka, zina zitaunjikana kale pansi pa ming'oma ngati madeya. Mabemberezi anali chagada, miyendo ikugwedera. Pachithaphwi pamene anatsukira mpope panali agulugufe achikasu atamatirira m'matope. Asekuru anandiuza kuti, "Katsekere nkhuku, zingadye." Anatenga tsache ndi lichero, anasesa mtengo ndi mtengo, nakumba dzenje n'kukwirira.

Denga linafoleredwa. Lamulungu loyamba la Mgonero pansi pa malata atsopanowo, a Kayuni ndiwo ankayendetsa mbale ya mkate. Atafika pa asekuru, iwo anasiya manja pamaondo, maso pansi. Mbale inaima pang'ono, n'kupitirira. Zinatero pa Mgonero wotsatira, ndi wina, mpaka zaka zinapitapo. Kutchalitchi sankajomba, ankaimba, ndipo akakumana ndi a Kayuni ankawapatsa moni ngati kale. Koma mkate sankalandira.

Abusa athu, amene anali ochokera kuchigawo chapakati, anabwera kunyumba kudzawaona.

"Agogo, tizilombo tokhatokha mpaka kukana gome la Ambuye?"

"Sindikukana, abusa. Ndikuopa. Ndikamuona munthu uja atanyamula mbale, mtima wanga umatentha. Ndilandire choncho?"

"Nanga Ambuye akakuitanani musanalandire?"

"N'chimene chimandisowetsa tulo," anayankha asekuru.

Ndinali nditakula mokwanira kumvetsa kuti mantha awo anali enieni. Munthu amene anabatizidwa ali mwana, amene sankadya asanapemphere, ankakalamba kunja kwa gome, ndipo sankatha kudzinamiza kuti zatha.

Zaka zimenezo thonje linafalikira, mipope inachuluka, ndipo njuchi zochepa zimene zinatsala zinatha pang'onopang'ono. Maungu ankachita maluwa ambiri, koma tizipatso tinkafota n'kugwa tili ting'onoting'ono. Anthu ankadandaula za mbewu, ena za mvula.

Tsiku lina a Kayuni, atakalamba nawonso, anafika akukankha njinga, atamangirirapo mng'oma watsopano umene anasema okha. Anausiya pabwalo n'kukhala pansi, osati pampando.

"Ndasema moipa," anatero. "Manja anatha."

Asekuru anauzungulira, anasuzumiramo. "Khomo mwakulitsa. Mukufuna mulowe mbuzi?"

"Ndiye konzani, eni ake a ntchito." Kenako a Kayuni anati, "Tikanadikira sabata ija, wadada."

Anaupaka phula lakale limene asekuru anasunga, anaufukiza, ndipo ine ndinakwera kukaupachika. Tinadikira nyengo imene njuchi zimasamuka. Sizinabwere. Tinadikira chaka china. Munalowa nyerere, kenako abuluzi, ndipo pomalizira chiswe chinaugwetsa. Ndinafunsa asekuru ngati tipachike wina.

"Usavutike," anatero. "Palibe kumene zingachokere."

Lero ndine wokalamba kuposa mmene analili iwo pa Loweruka lija. Thengo lawo linapita ndi makala. Pafupifupi khomo lililonse lili ndi mpope wake, ndipo tsopano kuli mankhwala opha ngakhale udzu, moti m'malire mwa minda mulibe duwa lakutchire limene kachilombo kangaterepo. Mkazi wanga asanamwalire ankalawirira m'munda kuthyola duwa lalimuna la dzungu n'kulikhudzitsa pa lalikazi, duwa ndi duwa, ntchito imene kale palibe munthu ankaiganizira. Tsopano ndimaigwira ndekha, msana ukuwawa, ndipo ndikasiya tsiku limodzi maluwa a tsikulo amapita pachabe. Adzukulu anga uchi amaudziwa wa m'botolo, wochokera kumapiri. Ndikawauza kuti munda unkalira, amaganiza kuti ndikunena za mphepo. Sindikhulupirira kuti adzamva zimene ndinamva ine.

Nthawi zina ndikaona mnyamata akupopera dzuwa lili pamutu, maluwa ali otseguka, mtima wanga umatentha ngati wa asekuru. Ndimamulankhula mofatsa, iye amavomera mwaulemu, ndipo mawa lake amapopera. Naye ali ndi ana ofuna kudya. Sindidziwa kuti ndimuweruze bwanji, choncho ndimapita kunyumba kukapemphera.

Chimene ndatsala nacho n'chimene ndinaona ndi maso anga chaka chimene mng'oma wa a Kayuni unagwa. Panalibe chimene chinakonzeka, ndipo asekuru ankadziwa kuti sichidzakonzeka. Pa Mgonero mbale inafika pa iwo ili m'manja mwa mnzawo uja, ndipo inayamba kupitirira monga mwa chizolowezi. Asekuru anaigwira m'mphepete, anatenga mkate, nadya. Anamwalira mvula yotsatira isanagwe. Anapita atawakhululukira a Kayuni.