Nkhope Yanga Pakhomo la Tchalitchi

Zinayamba ngati chimfine wamba mwezi wa Novembala. Ndinkatsokomola m'kalasi mpaka aphunzitsi kusiya kaye kulankhula, ndipo siketi ya yunifolomu inayamba kukhwepa m'chiuno. Amayi ankati ndi kuzizira kwa Glasgow, n'kumandimwetsa madzi a mandimu. Tsiku limene ndinalavula magazi, tinakwera basi ku Springburn, dera la mu Glasgow komwe timakhala, kupita kuchipatala.

Tinadikira nthawi yaitali. Atandijambula m'chifuwa, dokotala anati ndi chifuwa chachikulu, ndipo chimachizika bola kumwa mankhwala osadumphitsa. Anandigoneka m'chipinda chandekha. M'mawa uliwonse anamwino ankalowa ataphimba kukamwa, kundipatsa mapiritsi, kenako kundiyeza pasikelo.

Anzanga akusukulu tinawabisira za matendawa. Amene ankabwera kudzandizonda anali Mayi Morag, mzungu wachikulire wakutchalitchi kwathu amene amatsogolera gulu la zachifundo. Ankandibweretsera mphesa ndi mabuku, ndipo ndinawakonda kwambiri. Tsiku lina anapempha kundijambula kuti amayi anzawo azindipempherera akuona nkhope yanga. Kwa ife Amalawi, munthu wodzakuzonda sakanizidwa kanthu, makamaka wamkulu. Amayi anga anavomera, ine ndinamwetulira.

Lamulungu loyamba nditatuluka, ndinapeza nkhope yanga yowonda ija pakhomo la tchalitchi, pamwamba pa bokosi la zopereka. Pansi pake analembapo kuti tichitire chifundo ana odwala a ku Afirika, n'kutchulanso matenda anga. Ine ndakulira ku Springburn konkuno. Atsikana awiri a m'kalasi mwathu anali ataima pomwepo, akuwerenga.

Mayi Morag anandikumbatira, n'kundiuza mosangalala kuti anthu apereka kwambiri chifukwa cha ine, ndiponso kuti tchalitchichi chakhala chikuchitira chifundo Amalawi kuyambira nthawi ya agogo awo. Sanaone cholakwika chilichonse. Amayi anga anangoti, "Zikomo kwambiri, mayi," maso ali pansi. Ine ndinamatula chithunzicho, n'kuchipinda m'thumba la jekete.

Pano ndinamaliza mankhwala, thupi labwerera, ndikukonzekera mayeso. Atsikana aja, mmodzi amakhalabe patali nane. Mukamatsokomola osasiya, pitani kuchipatala msanga. Anamwino aja anandisamalira osafuna kanthu kwa ine. Koma wina akatulutsa foni inu muli pabedi, ngakhale akhale wamkulu, mufunseni kaye kumene chithunzicho chikupita. Mayi Morag amandibayibitsabe Lamulungu lililonse, ndipo mpaka lero sanandifunse chifukwa chake ndinamatula chithunzi chija.