Amake Regina, Amene Ankamwa Pomaliza

Amayi Tryness Zulu, amene ambiri ankawadziwa kuti amake Regina, anabadwira ku Petauke ndipo anafika kuno ku Chalimbana ali kamtsikana, makolo awo akufunafuna malo olima. Anakula akusesa m'tchalitchi Loweruka lililonse popanda wowatuma. Atakwatiwa ndi a Bornwell, mpingo unawapatsa ntchito yotsuka chikho cha Mgonero, pakuti masiku amenewo chikho chinali chimodzi ndipo onse ankamwera momwemo.

Mwana wawo Regina atangoleka kuyamwa, m'mphuno mwa amayi akewo munamera chotupa. Sichinkapweteka, koma chinkakula mwakachetechete, cholimba ngati mbatata yaiwisi, mpaka mphuno inapindika ndipo iwo ankapumira pakamwa. Anthu sasowa chonena. Ena ankati ndi khate, ena ankati anaponda mankhwala. A Bornwell anati akukafuna ntchito ku Lusaka, ndipo ntchito imene anakaipezayo inali yovala chitenje. Sanabwererenso.

Lamlungu lina la Mgonero, amake Regina atamwa, mayi amene anakhala nawo pafupi anakankha chikho osamwa. Akulu a mpingo, motsogozedwa ndi a Jonas Mwale, anagamula kuti kuyambira pamenepo azimwa pomaliza, onse atatha, ndipo kutsuka chikho aleke. Zinawapweteka kwambiri, koma anangoti, "Olo pothera, ni magazi yamene yaja a Ambuye."

Patapita zaka, namwino wa pa boma ku Chongwe anawatumiza ku chipatala chachikulu ku Lusaka. Pokwera basi, anyamata a chipani ofunsa makhadi anawalamula kuchotsa chitenje chimene ankaphimba nacho kumaso, n'kuwaseka mpaka kugwira m'mimba. Iwo anangokwera basiyo.

Dokotala anawafotokozera kuti chinali chotupa chosowa, chomera pa kafupa kofewa kogawa mphuno pakati. Si khansa, sichipatsirana, koma chikasiyidwa chidzatsekanso mbali inayo. Anawagoneka tulo, n'kung'amba m'mbali mwa mphuno, n'kuchichotsa chonse kuti chisaphukenso. Pamene panagumuka anachirikizapo ndi kafupa kofewa kotenga kunthiti kwawo komwe. Tsiku lowamasula mabandeji anamva fungo la sopo, limene anali ataliiwala, ndipo analira ndi chimwemwe. M'basi yobwerera mtima wawo unali pa chinthu chimodzi: kudzamwanso pakati pa anzawo.

Anafotokozera akulu a mpingo zonse, za nthiti zomwe, chifukwa kubisa sankakudziwa. Sabata isanathe nkhani inali itamera miyendo: akuti madokotala anawaika fupa la munthu wakufa, lochokera ku mochale. Amake Regina anaitana amayi a mpingo kuseri kwa tchalitchi, n'kuvula bulauzi, mayi wamkulu ndithu, kuwaonetsa chipsera cha m'nthiti. Amayiwo anasuzumira, kukhuta kuona, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wokawachitira umboni.

"Amake Regina, sitikana kuti mwapola," anatero a Jonas. "Koma mitima ya anthu ni yofooka. Pitirizani chabe mwamene munali kuchitira."

Anapitiriza. Ankasambitsa odwala, ankagona m'maliro, ankaphikira alendo a mpingo, ndipo chakudya chawocho anthu ankadya mpaka kunyambita zala, chosatheka chinali chikho chokha. Regina atakula anawaumiriza kuti asamukire mpingo wina, koma anakana, nati anabatizidwira pano ndipo Mwini gome sanawathamangitsepo. Pambuyo pake mpingo unagula timakapu, aliyense kakekake, komabe thireyi inkawadumpha n'kudzawapeza pomaliza. Achinyamata ankayesa kuti ndi ulemu.

Atakalamba n'kugona osadzukanso, abusa atsopano, amene sankadziwa mbiriyi, anawabweretsera Mgonero kunyumba masana ena. M'chipindamo munali iwo, abusawo ndi Regina basi. Atawapatsa kakapu, anakabweza.

"Onse amwa?" anafunsa.

Abusa anayang'ana Regina modabwa. Regina ndiye anayankha.

"Amwa, amama. Mwatsala imwe."

Pamenepo anamwa, napukuta pakamwa, ndipo dzuwa lisanalowe anagona mu mtendere wa Ambuye.

Kupirira kwawo kumatchulidwa kawirikawiri pa guwa, ndipo amayi amauzidwa kuti atengerepo chitsanzo. Chigamulo chija mpaka lero palibe amene anaimirirapo kuti achichotse.