Khasu la Abambo ndi Kamkombero Kanga

Chaka chimene ndinamaliza maphunziro a za miyala, m'mudzi mwathu kufupi ndi Nsaru munali mjigo umodzi, nawonso wouma. Anakumba n'kupeza fumbi lokhalokha, chitoliro n'kungotsala chili chiimire, anthu n'kumamangirirapo mbuzi. Amayi ankatungabe kudambo, mtunda woti ukapita kawiri msana umayamba kudandaula. Okumba mijigo anati adzayesanso kamodzi kokha, ndipo popeza mudzi wonse unkadziwa kuti ndinaphunzira miyala, anagwirizana kuti malo ndiloze ndine. Ndinavomera mwamatama. Pa msinkhu umenewo munthu amavomera chilichonse.

Madzi a pansi kwathu amayenda m'ming'alu ya thanthwe. Ukadziwa kumene ming'aluyo yalunjika, umaitsata mpaka pamalo pokumbika. Ntchito yanga inali kugwada pa matanthwe a kumtunda kwa mudzi, kuyeza mng'alu uliwonse ndi kampasi, kachipangizo ka singano yoloza kumpoto, kenako kulowetsa manambalawo mu laputopu. Pulogalamu yake imajambula chithunzi chozungulira cha mizere yolukanalukana ngati lichero, dzina lake sitiriyoneti. Mng'alu uliwonse umasanduka kadontho. Pamene timadontho taunjikana umajambulapo kamkombero, ndipo pakati pa kamkomberoko ndi pamene pamakuuza kolowera. Ukagwira m'mphepete mwake n'kukoka, kamakula kapena kuchepa mmene wafunira.

Tsiku loyamba ndinapita ndekha. Lachiwiri abambo anati mwana wamkazi sayenda yekha kutchire, ngakhale tchire lake linali munda wathu womwe wa fodya. Chilungamo chake, ankafuna anzawo awaone. Ananyamula khasu lawo paphewa monga mwa masiku onse, ndipo anandithandizadi. Ankapala dothi pa mng'alu, kenako n'kuimika khasulo pambali pa dzanja langa, n'kutsamirapo, kuyang'ana singano ya kampasi ngati akumva chimene ikunena.

Masana ake ndinakhala pakhonde, laputopu nditaitchajitsa kometera tsitsi pa msika. Timadontho tinagawikana magulu awiri, lina apa lina apo. Zinandikwiyitsa, chifukwa ine ndinkafuna yankho limodzi, okumbawo atatsala masiku ochepa kuti afike. Ndinagwira kamkombero kanga n'kukakoka, kukakokabe, mpaka kanameza magulu onse awiri. Kanaoneka bwino ndithu.

Amayi anali pambali panga akusankha mtedza. Sanapite patali ndi sukulu, koma maso awo sadutsidwa kanthu.

"Kodi pakati pa lichero lakolo bwanji palibe kanthu?" anafunsa.

"Ndi mmene zimakhalira, amayi. Ndi sayansi."

"Chabwino. Ine ndikaona mtedza wapatukana chonchi, wina wofiira wina woyera, ndimadziwa kuti wachokera minda iwiri. Koma zanuzo n'zasayansi."

Anapitiriza kusankha. Ine ndinayang'ananso, ndipo manyazi anandigwira. Pakati pa kamkomberoko panalibedi kadontho ngakhale kamodzi. Ndikanatsata pamenepo, ndikanawalozera anthu njira imene mulibe mng'alu uliwonse. Ndinapatsa timadontho ta tsiku loyamba mtundu wake, ta lachiwiri mtundu wina. Gulu lina lonse linali la tsiku limene ndinayenda ndi abambo.

Phunziro loyamba la kampasi ndi lakuti chitsulo chimakoka singano. Ndinkalidziwa bwino, moti makiyi ndi foni ndinkazisiya patali ndisanagwade. Koma khasu la abambo sindinkaliona ngati chitsulo. Chibadwire ndinkaliona ngati mkono wawo.

Kupeza cholakwikacho kunali kosavuta poyerekeza ndi kuwauza. Ndinawapeza kuchigafa akusanja fodya, n'kugwada chapatali, n'kuyamba kuzungulira nkhani. Ndinatchula singano, dzuwa, ngakhale mphepo. Amayi anatopa nazo, n'kuyankha ali pakhonde pomwepo.

"Akunena khasu lanulo, abambo ake. Lanamiza makina a mwana."

Abambo anaika fodya pansi. Kenako anati, "Khasu limeneli lakulipirira sukulu, lero lasanduka lonama, eti?"

Sindinadziwe ngati akuseka kapena zawapweteka. Ndikuganiza kuti zinali zonse ziwiri, ndipo zinandipweteka nanenso.

M'mawa mwake tinabwerera kumatanthwe. Abambo anabwera chimanjamanja, ndipo manjawo anasowa pokhala. Ankawaika kumbuyo, m'thumba, pamutu, mpaka ndinawapatsa kope kuti azindigwirira. Dothi ankapala ndi kamtengo, akung'ung'udza. Titabwerera kunyumba, timadontho tatsopano tinakagwera pamodzi ndi ta tsiku loyamba. Ndinafufuta chimkombero changa chabodza chija, n'kujambula kena kakang'ono kothina bwino. Amayi anasuzumira, n'kungogwedeza mutu. Njira ya ming'aluyo inatsikira kumunsi kwa munda, kupitirira chulu, ndipo kumeneko ndinakhomako chikhomo.

Tsiku lokumba ndinali ndi mantha enieni. Makina analira m'mawa wonse akutulutsa fumbi loyera, anthu akundiyang'ana cham'mbali, amayi atakhala pa chidebe chopanda kanthu. Abambo anaima kutali, pansi pa mtengo wa mango, manja kumbuyo. Dzuwa litapendeka fumbi lija linayamba kuda, kenako linasanduka matope, kenako madzi anathovoka n'kunyowetsa okumbawo. Azimayi analuluta. Ine ndinangokhala pansi pamatope pomwepo.

Nditakweza maso kufuna abambo, pansi pa mango paja panalibe munthu. Ndinaganiza kuti mwina akadali okhumudwa. Posakhalitsa ndinawaona akutsika kuchokera kunyumba, akuyenda mofulumira, khasu lili paphewa. Madzi anali atayamba kale kusefukira m'mizere ya fodya, ndipo pankafunika ngalande. Anafika pamene ndinakhala, n'kuima, khasulo atalibisa pang'ono kumbuyo.

"Amayi a miyala," anatero, "tsopano lingayandikire, eti?"