Chinkhoswe cha m'kabokosi

Mlongo wanga anachita chinkhoswe ku Dowa mvula ili pakati, ndipo amayi aakulu, amene anamulera chimwalirireni mayi athu, sanabwere. Miyendo inali itawatupa, msewu wa kwawo ku Ntchisi uli phala lokhalokha. Anangotumiza mawu akuti chimene maso awo sanaone, iwo sachiwerengera. Mlongo wanga analira atamva zimenezi. Ine, amene ndinajambula mwambo wonse, ndinadziguguda pachifuwa kuti chinkhoswecho ndikachikweza phiri ndekha.

Dzuwa litangowala masiku angapo, ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, laputopu yanga yokalamba ili kumsana, m'thumba muli kabokosi kosungiramo mavidiyo. Ndinkayimba njira yonse. Kwa amayi aakulu kulibe magetsi, choncho batire ndinaidzaza mpaka pakamwa.

Nditafika, mudzi wonse unakhamukira pakhonde. Ndinaika laputopu pampando, kabokosi ndinakasiya pansi, n'kulumikiza chingwe. Vidiyo inayamba, ng'oma zinamveka, azimayi n'kuyamba kale kugwedeza mapewa. Apa ndi pamene alamu anga, mkazi wa mwana wa amayi aakulu, anaona chinthu chochititsa manyazi: katundu wa mlendo ali pa dothi! Anagwada, ananyamula kabokosiko ndi manja awiri mwaulemu wonse, n'kuyala kansalu koluka pansi pake. Chingwe chinazuka. Chithunzi chinauma, wovina wina mwendo uli m'mwamba.

"Alamu, mwatani?" ndinakuwa.

"Ndimati kasade, alamu," anayankha ali chigwadire.

Ndinapsa mtima, koma ulemu ungaukalipire bwanji? Ndinayang'ana pa sikirini, ndipo mtima unakhalako pansi. Kompyuta inkaonetsabe kabokosiko, dzina lake lili pomwepo, mavidiyo onse atandandalikidwa bwinobwino. Ndinadina vidiyo ya chinkhoswe. Inakana. Ndinadina ina. Inakananso. Kompyuta inkangotchula mayina amene inaloweza pamtima, pomwe mwini mayinawo anali atachoka kalekale.

Ndinabwezera chingwe msangamsanga. Kanyali ka kabokosi kanayaka, koma zinthu sizinasinthe. Kompyuta inali itagwirabe malo a kabokosi koyamba kaja, ndipo aka kobwerera inkakaona ngati mlendo wina wosowa pokhala. Kuizimitsa n'kuyatsanso kukanatha nkhani, koma laputopu imeneyo ndinkaidziwa: ikagona imadzuka mwa ufulu wake, ndipo podzukapo imamwa batire ngati thobwa. Batireyo inali itatsika kale kupitirira theka.

"Kodi ukwatiwo wathera pomwepa?" anafunsa amayi aakulu ali pa mphasa. Anthu anaseka. Ine thukuta lili kamukamu.

Ndinauza kompyuta kuti imasule kabokosi kakale kaja. Inayankha kuti sizingatheke, pali amene akukagwiritsabe ntchito. Ndani, poti kanachoka? Ndinatsala pang'ono kuiponya m'munda wa fodya. Kenaka maso anga anagwera pa wovina uja, mwendo udakali m'mwamba. Eya! Pulogalamu yoonetsera vidiyo inali chitsegukire, itakakamirabe fayilo imene inali kuwerenga. Ndinaitseka, ndinatsekanso zenera la mafayilo, n'kulamulanso kuti imasule. Dzina lija linazimiririka pa sikirini.

Azimayi anafuula kuti mayo, zapita zonse! Ine ndinalumpha ndi chimwemwe mpaka kugunda mutu ku denga la khonde. Sindinasangalalepo chotero poona chinthu chikusowa. Ndinazula chingwe, ndinapuma kamodzi, n'kuchilowetsanso. Dzina linabwerera, ulendo uno lili ndi mwini wake. Ndinapempha alamu kuti akhale pafupi ndi kabokosiko, aliyense wofuna kukachitira ulemu amubweze.

Ng'oma zinayambiranso. Ndinadumphitsa zovina kuti batire itifikitse pa zenizeni. Amayi aakulu anasendera pafupi, mphuno kutsala pang'ono kukhudza sikirini. Atsikana ofunditsidwa zitenje atalowa kuti akuchimuna asankhe mkazi wawo, iwo analoza nthawi yomweyo.

"Uyo wachiwiriyo! Kayendedwe kameneko ndinamuphunzitsa ndine."

Anali yemweyodi. Ankhoswe atapatsana tambala ndi thadzi, amayi aakulu anadandaula kuti tambalayo ngwowonda, akuchimuna atichepetsa. Koma mlongo wanga atavundukulidwa, n'kugwada kulandira lichero ndi mthiko, ndinaona amayi aakulu akugwira mzati. Anadzikoka pang'onopang'ono, anaima pa miyendo yotupa ija, n'kuimba nthungululu imene inamveka mpaka kutsidya kwa dambo.

Batire inathera m'kati mwa nthungululuyo. Sikirini inada, koma iwo sanaiyang'anenso. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kunditembenukira.

"Ukamuuze mlongo wako," anatero, "kuti lero ndiye wakwatiwa."