Moni wa alendo a pa kompyuta

Mawu angawa si a m'nyumba. Ndinakulira pa depoti ya ku Mchinji ndikuitanira basi, ndipo ndikakuwa kuti "Lilongwe!" ngakhale amene anali mkati mwa msika ankayamba kumanga katundu. Sukulu sindinapite nayo patali, koma mwana wanga wamkazi anaphunzira mpaka anthu a kuno ku Canada anamulemba ntchito. Ndi amene ananditenga kudzakhala naye ku Hamilton mayi ake atatisiya.

Ntchito yake ndi ya magetsi ochokera m'nyanja ya mchere. Nditangofika ndinaloza nyanja imene timaiona tikakwera kumtunda kwa tauni ino, n'kufunsa kuti makinawo ali pati. Anaseka. Anati iyi ndi nyanja yogona. Yakeyo ili kum'mawa kwa dziko lino, kumene madzi amakwera n'kutsika tsiku lililonse, ndipo akamathamanga amazunguza makina onga fani amene amawamiza pansi. Koma iye sipanala sagwira ayi. Nyanjayo ili ndi eni ake ambiri: boma lalikulu, maboma a zigawo, asodzi, ndi mitundu ya anthu amene azungu anawapeza kuno. Iye amawakhazika pamodzi kuti agwirizane malamulo, ndani azipereka chilolezo, makina amizidwe pati, waya udutse malire ati.

Ndinati, "Ndiye kuti ndiwe nkhoswe."

"Eya, Adadi. Nkhoswe ya anthu osafunana."

Tsiku lina m'mawa, kunja kutayera ndi chipale chofewa, anandipatsa tiyi n'kundigwira dzanja.

"Adadi, lero ndili ndi miting'i pa kompyuta, wotsogolera ndine. Asodzi anenetsa kuti akapanda kumveka lero atuluka, ndipo akatuluka, zonse zimene ndavutikirazi zathera pomwepo. Chonde, mawu anuwo lero muwasunge."

"Ine ndimalankhula mokweza?"

"Aneba a pansiwa amadziwa nyimbo zanu zonse za kubafa."

Ndinakhala pabalaza phee, ngakhale supuni sindinaigunditse kapu. Chitseko cha chipinda chake sichinatsekeke bwino, ndiye ndinamva akuyamba. Chizungu changa n'chochepa, koma moni ndimamudziwa, ndipo moni sindinamumve. Anangogwera m'nkhani ngati anthu okumana pa ngozi. Posakhalitsa mawu anakwera. Mayi wina ankalankhula ngati akuwaza nkhuni, bambo wina akumudula pakamwa, mwana wanga akungoti "pulizi, pulizi" ndi timawu tating'ono timene sanatengere kwa ine.

Apa mtima unandiwawa. Nyumbayi ndi ya mwana wanga, koma wamkulu wa pakhomo ndine. Alendo alowe, ayambe kukangana, ine ndisanawalonjere? Kwathu ngakhale wobwera ndi mlandu amayamba walandira mpando ndi moni. Ndinavala jekete yanga ya kutchalitchi, ndinati odi, n'kulowa ndisanayankhidwe.

Pa kompyutapo panali timabokosi, m'kabokosi kalikonse muli mutu wa munthu. Mwana wanga anatong'ola maso.

"Adadi, akukumvanitu!"

"Ndi zimene ndabwerera."

Ndinakoka mpando, ndinaomba m'manja, n'kuyamba ndi bambo wa imvi wa pakona chifukwa ankaoneka wamkulu. "Muli bwanji, bambo? Kunyumba mwadzukako bwanji?" Ndinamukodola mwana wanga kuti atanthauzire. Anatanthauzira. Bamboyo anayang'ana uku ndi uku, kenako anati ali bwino, koma galu wake akudwala. Ndinamupepesa, pajatu kuno galu amagona m'nyumba ndipo ali ndi dokotala wake. Ndinapita kwa wachiwiri. Ine moni wa chigulu sindipereka, aliyense amalandira wake.

Nditafika kwa mayi wowaza nkhuni uja, amene ankaimira asodzi, ndinawonjezera kuti, "Nanga nsomba zikuphedwa?"

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati chiyambireni misonkhano imeneyi palibe anamufunsapo za nsomba, onse amangomufunsa ngati wawerenga mapepala. Basi anayamba kufotokoza za nkhanu zikuluzikulu zimene amakola ndi mchimwene wake, malo amene zimaswana, ndi mantha ake kuti makina adzawamiza pomwepo. Bambo wa galu uja anayandikitsa nkhope n'kufunsa kuti malowo ali pati kwenikweni.

Nditawalonjera onse ndinati, "Zikomo, pitirizani nkhani yanu," n'kutuluka. Za malamulo a magetsi ine ndilibe nazo mawu.

Mwana wanga anatuluka masana. Sanandiyang'ane. Anatsegula filiji n'kutsekanso osatengamo kanthu.

"Asodzi aja atuluka?" ndinafunsa.

"Sanatuluke. Sitinagwirizane chilichonse, koma avomera kuti tikakumane konko kunyanja, akationetse malowo ndi maso."

"Ndiye nkhope wakwinyiranji?"

"Mukanandichotsetsa ntchito, Adadi!" Atatero anaphulika kuseka mpaka kukhala pansi m'khitchinimo, misozi mbwembwembwe. "Mayi aja akuti ndikabwere nanu. Akuti popanda inu m'boti mwawo sindikwera."

Lamlungu kutchalitchi ku Scarborough nkhaniyi ndinaikamba panja, kuti onse amve. Mnzanga wa ku Chipata, amene sandipatsa mpata, anapukusa mutu.

"Amudala, mwafika mpaka poitanira basi pa kompyuta?"

"Eya," ndinamuyankha, "ndipo palibe watsika."

Jekete ija mwana wanga waipititsa kochapitsa. Wandigulira ina yokhuthala, akuti kunyanjako mphepo yake siseka ndi munthu. Ndamuuza kuti awauze mayi aja asunge nkhanu imodzi yaikulu, ndikufuna ndikaione ndekha ndisanauze a ku Mchinji.