Kutsuka Matumbo Apongozi Ali Pabwalo

Adokotala anandiuza nkhaniyi mosatekeseka, ngati akunena za mvula. Anati popeza zaka zanga zapitirira makumi asanu, ndipo magazi omwe ndinkawaona m'chimbudzi sanasiye ngakhale ndinamwa mankhwala, kunali bwino andiunike m'matumbo. Ndinafunsa ngati ndi ekisileyi. Anapukusa mutu. Anati kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kunsonga kadzayenda m'matumbo aakulu mpaka kumapeto kwake.

"Kadzalowera kuti?" ndinafunsa, ngakhale mtima unali utandiuza kale.

"Komwe chakudya chimatulukira, bambo. Inu mudzakhala muli m'tulo. Koma ntchito yaikulu ndi yanu, kunyumba. Mukabwera matumbo ali akuda, ife sitidzaona kanthu, ndipo tidzakubwezani."

Ndinakwera minibasi yodzera ku Chichiri, n'kutsikira ku Limbe, komwe ndinagula mankhwala otsukira m'mimbawo. Anali timapaketi ta ufa m'kabokosi. Ndinakabisa pansi pa chikwama ngati chinthu chakuba. Kuntchito kwathu ku Makata, komwe ndimayang'anira katundu wolowa ndi wotuluka m'nyumba yosungiramo sopo, ndinangouza abwana kuti ndili ndi zakuchipatala. Sanafunse zambiri.

Mkazi wanga ndi mphunzitsi, ndipo malangizo a anamwino anawagwira ngati silabasi. Patatsala masiku ochepa anandiletsa ndiwo zamasamba, nyemba, mtedza, mgaiwa ndi chipatso chilichonse chanjere. Ndinkadya mpunga woyera, buledi woyera ndi mazira owiritsa. Masana anzanga akamapita kukadya kwa mayi wina yemwe amaphika kuseri kwa mpanda wa fakitale, ine ndinkatsalira ndi kabakuli kanga. Ankandiseka kuti ukalamba wandipeza mano akadalipo.

Tsiku loti mawa lake ndikupita kuchipatala linali losadya chilichonse chotafuna, koma zakumwa zoyera zokha. Ndinatenga tchuthi. Unali mwezi wozizira, ndipo kwathu ku Bangwe chifunga chinali chitangochoka paphiri pamene ndinamva kuodira pageti. Anali apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, atachokera ku Bangula osatiuza. Pamutu anasenza thumba, m'manja ananyamula nkhuku.

Ine ndi apongozi takhala tikulemekezana kwa zaka zambiri, koma ulemu wake ndi wapatali. Timapatsana moni nditanjuta chauko, maso ali pansi. Sitinadyerepo pamodzi. Nkhani zathu zimakhala za mvula ndi za ana basi, zina zonse zimadzera kwa mwana wawo. Chikondi chawo amachionetsa ndi chakudya. Tsiku limenelo anabweretsa nsomba zouma za makakana, mpunga wa kudimba kwawo ndi masau odzaza jumbo, poti amadziwa kuti ndimawakonda.

Ndinakokera mkazi wanga kuchipinda. "Chonde usawauze," ndinatero.

"Nanga ndiwauze chiyani, bambo? Akuphikirani nsomba."

"Uwauze china chilichonse."

Nsombazo apongozi anaphika okha, ndipo fungo lake linadzaza nyumba yonse. Mbale yanga inabwerera kukhitchini yosakhudzidwa. Ndinamva apongozi akufunsa mwana wawo, mawu atawakweza dala, ngati nsomba za kwawo zayamba kununkha matope kwa anthu a m'tauni. Mkazi wanga anayankha kuti ndikusala kudya. Apongozi anati zimenezo n'zabwino, mwamuna wopemphera ndi mzati wa nyumba. Ndinachita manyazi kulandira ulemu wosauyenera, koma ndinaulandira.

Anthu a kuchigwa sagwirizana ndi kuzizira kwa Blantyre. Apongozi akabwera kwathu amatsatira dzuwa ndi mkeka wawo, m'mawa kumaso kwa nyumba, masana kuseri. Ndipo kuseriko n'komwe kuli chimbudzi chathu. Atatha kudya anayala mkeka pafupi penipeni ndi kanjira kopita kumeneko, nafunda chitenje, nayamba kusankha mpunga m'lichero.

Ine ndinasungunula ufa uja m'jagi ya madzi monga anandiuzira, n'kuyamba kumwa pang'onopang'ono. Unkakoma ngati madzi a mchere omwe wina wafinyiramo ndimu lowola. Kapu yoyamba inatsika bwino. Zotsatirazo ndinkachita kutseka mphuno. Kwa nthawi ndithu palibe chinachitika, mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwina mimba yanga ndi yolimba kuposa za ena. Kenako m'mimba munayamba kulira ngati lole yodzaza simenti ikukwera chitunda.

Ulendo woyamba ndinayenda mwaulemu, manja kumbuyo, ngati ndikukayendera mpanda. Podutsa pa mkeka ndinawerama pang'ono n'kunena kuti, "Zikomo, amayi." Iwo anayankha kuti, "Zikomo, bambo." Ulendo wachiwiri ndinafulumira. Maulendo otsatirawo ndinkathamanga, patapata imodzi kutsala m'njira, zikomo osamveka. Chitseko cha chimbudzi chathu ndi chamalata, ndipo malata sasunga chinsinsi.

Ndikutuluka ulendo wina, ndinapeza apongozi ataimirira, lichero lili pansi, mpunga utamwazika. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo, anandiyang'ana m'maso mwenimweni.

"Bambo, mwayamba liti kutsegula m'mimba chonchi?"

Iwo sanadikire yankho. Anaitana mwana wawo mokuwa, namuuza kuti athamange akapeze galimoto, aphitse madzi, abweretse shuga ndi mchere. Kwawo kukasefukira madzi kolera imabwera, ndipo iwo anaonapo anthu amphamvu akutha tsiku limodzi. Apo ndinazindikira kuti manyazi anga awaopseza mayi wokalamba popanda chifukwa. Ndinayang'ana mkazi wanga n'kugwedeza mutu, kenako ndinalowa m'nyumba n'kukhala pafupi ndi zenera.

Ndinamva zonse. Mkazi wanga anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa ana a sitandade wani.

"Ndiye mankhwalawo amwa dala?" anafunsa apongozi.

"Dala, amayi. Kuti m'kati muyere, adokotala akaone bwino."

"Kamerayo ndi ngati ija amajambulira paukwati?"

"Ayi, amayi. Ndi kakang'ono kwambiri."

Ndinkayembekezera kuseka kapena kudandaula kuti tawanamiza. Koma atayankhula, mawu awo anali otsika. Anati malemu amuna awo, bambo ake a mkazi wanga, anadwala m'mimba chaka chathunthu, akuonda, mimba ikutupa, ndipo anamwalira popanda munthu woyang'ana m'katimo kuti aone chomwe chinkawadya. Anati kukanakhala kamera nthawi imeneyo, akanawanyamula okha kumsana kupita nawo.

Kenako ndinamva mkeka ukukulungidwa. Anakauyala kumaso kwa nyumba, komwe dzuwa linali litachoka kale ndipo mphepo inkawomba, nakhala moyang'ana kumsewu. Kanjira kanga kanatsala kopanda mboni.

Chakumadzulo anafunsa mwana wawo chomwe adokotala alola kuti ndimwe. Atamva kuti msuzi wosefa ndi wololedwa, nkhuku ija inaphedwa. Anaiwiritsa ndi mchere wokha, nayengula mafuta onse pamwamba, nasefa msuziwo pa kansalu koyera mpaka unaoneka ngati tiyi wosalowerera. Mkazi wanga anandibweretsera m'kapu. Ndinali nditafooka, miyendo ili zii, milomo itauma. Sindikumbukira chakumwa china chomwe chinandikomera ngati chimenecho. Pakhomo pa chimbudzi ndinapezapo ndowa ya madzi ofunda ndi sopo. Mkazi wanga anati sanaike ndi iye.

M'mawa ndinamaliza mankhwala otsala. Zomwe zinkatuluka tsopano zinali madzi okhaokha achikasu, monga anamwino ananenera kuti ziyenera kukhalira. Thupi linali lopepuka modabwitsa, ngati nyumba yomwe asamutsamo katundu. Mantha omwe ndinali nawo sabata yonse anali atachepa. Mwina njala ndi kutopa zinawadya.

Mnansi wathu anatitenga pa galimoto yake. Apongozi anali atavala kale juzi ndi duku, chikwama chili pamiyendo, ndipo palibe analimba mtima kuwauza kuti atsale. Kuchipatala anandipatsa chovala chotsegula kumbuyo, n'kundigoneka chammbali, mawondo atapindidwa. Namwino anandibaya padzanja, nandifunsa komwe ndimagwira ntchito. Ndikukumbukira kuti ndinayamba kuyankha. Kenako ndinamva mkazi wanga akunditchula, ndipo ndinamufunsa kuti ayamba nthawi yanji. Anaseka, nati amaliza kalekale.

Adokotala anandipeza ndikumwa tiyi. Anati matumbo anafika oyera bwino, moti anaona paliponse. Anapezamo tinyama ting'onoting'ono tomera m'mbali, tomwe tikasiyidwa zaka zambiri nthawi zina timasanduka khansa, ndipo anatidula pomwepo n'kutitumiza kokayezedwa. Anandipatsa pepala lokhala ndi zithunzi za m'katimo.

Titatuluka, apongozi anali pa benchi m'khonde la chipatala. Anapempha mwana wawo kuti awaonetse pepalalo. Ndinafuna kuletsa, koma lilime linali likadalemera ndi mankhwala ogonetsa. Analiyandikiza kumaso, naliyang'anitsitsa, nalitembenuza, naliyang'ananso.

"Ndi osalala bwino," anatero. "Ngati a mbuzi yodya msipu wabwino."

Namwino yemwe ankadutsa analephera kudzigwira. Inenso ndinaseka, mpweya womwe anandipopera m'mimba n'kupeza njira yake pomwepo, pamaso pa apongozi. Iwo anangoyang'ana kudenga ngati sanamve kanthu.

Anakhala nafe mpaka zotsatira zinatuluka. Tinyama tija sitinali khansa. Adokotala anati ndidzabwerenso pakapita zaka zingapo kuti adzaonenso, ndipo magazi aja anasiya atandipatsa mankhwala ena. Apongozi anabwerera ku Bangula tsiku lotsatira, akudandaula kuti kuzizira kwawalowa m'mafupa.

Patapita milungu ingapo, foni yanga inalira ndili kuntchito pakati pa makatoni. Anali alamu anga, mchimwene wamkulu wa mkazi wanga, yemwe amagwira ntchito ku Nchalo. Sitiimbirana kawirikawiri. Anafunsa za ana, za ntchito, za nyengo. Kenako anatsokomola, natsitsa mawu.

"Alamu, amayi sakundipatsa mtendere kuno. Akuti poti abambo anapita ndi matenda a m'mimba, inenso ndikaunikidwe. Tandiuzani zoona, zimapweteka?"

Ndinawauza kuti kuunikako sadzamva n'komwe. Ndinawalangiza kuti mankhwalawo adzawaziziritse kaye asanamwe, adzatenge tchuthi, ndipo adzagone kwathu kuti m'mawa ndidzawaperekeze ndine. Anati aganizira. Mwezi wotsatira anabwera.